Ng'ala ya Apongozi a Goliati

Kuseri kwa msika wa Mtendere kunali ofesi ya zipinda ziwiri, ndipo mu ofesimo munkagwira ntchito bambo wachinyamata dzina lake Goliati, amene chaka chimenecho mapazi ake sankagunda pansi. Mwayi unamugwera kawiri nthawi imodzi. Analembedwa ntchito yokhala pampando wozungulira, ndipo Lombe, mwana wa ba Chisala a ku Chainda, anamulola. Munthu wopeza chimodzi mwa ziwirizi amayendabe ngati anthu ena, koma wopeza zonse ngofunika kumugwira malaya. Goliati ankapereka moni kwa makondakitala onse a pa siteshoni, ankaseka nthabwala isanathe, ndipo m'mawa ankalowa mu ofesi akuyeserera masitepe ovina pa ukwati wake, mpaka tsiku lina anakankha ketulo ndi chigongono.

Ntchito ya kampani yawo inali yosonkhanitsa zipatala ndi makiliniki a m'makomboni m'kaundula mmodzi wa pa foni, kuti munthu akadwala asamayende chiyendeyende. Kaundulayo anali ndi malamulo ake a kalembedwe, amene anapangidwa ndi akatswiri akutali. Chipatala chachikulu chikakhala ndi makiliniki pansi pake, chinkalembedwa ngati kholo, makilinikiwo ngati ana ake. Ndiye pambali pa dzina lililonse panali kabokosi kofunsa funso lina lapadera: kodi malo awa amatumizirana mbiri ya odwala pa kompyuta? Ukachonga kabokosiko, pa foni ya munthu aliyense pankatuluka mawu obiriwira omuuza kuti asavutike kunyamula mapepala, mbiri yake akaipeza itafika kale.

Goliati anapatsidwa makomboni a kum'mawa, Mtendere, Kalingalinga ndi Chainda. A kumadzulo anapatsidwa mnzake Pumulo, mayi wodekha amene anayamba naye ntchito tsiku limodzi. Pumulo ankaimbira foni kiliniki iliyonse payokhapayokha, kudikira nesi amalize kubaya jakisoni, kufunsa, kenako n'kuchonga kapena kusiya. Goliati ankamuyang'ana ndi chifundo, ngati munthu woona mnzake akutunga madzi ndi supuni.

"Ba Pumulo, muvutikila chani?" anafunsa tsiku lina. "Mwana na amai bake, ungafunse kuti bakambisana? Onani apa. Kiliniki ya Kanjiwa ili pansi pa chipatala cha Mvunguti. Ninshi vonse vili pamodzi, ni banja imodzi."

"Ine nikhala pa yadi ya landilodi mmodzi na mabanja yambili," anayankha Pumulo, foni ili pa phewa. "Koma malaiti yanga yakasila, ba neba sibanipasako mayunitsi. Aliyense na mita yake. Mvunguti inagula chabe Kanjiwa, ilipila manesi. Nanga makompyuta yabo unaonako kuti banayalumikiza?"

"Ivo niviziba kudala, mayo."

"Funsa chabe. Foni siluma."

Koma Goliati anali ndi masuti oti akayese, makadi oti agawe ndi gule woti aloweze. Abwana anali ku msonkhano wina wa ku hotela, umene unkaoneka kuti sudzatha, ndipo panalibe womuletsa. Analamula kompyuta kuti kiliniki iliyonse yokhala ndi kholo ichongedwe, n'kudina kamodzi. Kum'mawa konse kunabiriwira nthawi yomweyo. Anazungulira pampando wake manja ali m'mwamba, n'kuuza Pumulo kuti ntchito ya mwezi wathunthu waimaliza tiyi asanazizire.

Tsono kwa apongozi ake kunali nkhani ina. Ba Chisala, bambo ake a Lombe, anali telala wakale, munthu amene anasoka madiresi a akwati ambiri a ku Chainda, koma maso awo onse awiri anali atachita ng'ala. Ankasiyanitsa usana ndi mdima, basi. Analinso ndi matenda a shuga ndi a mtima, ndipo mwezi uliwonse ankapita ku Kanjiwa kukayezedwa ndi kukatenga mankhwala. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti diresi la mwana wawo weniweni linkasokedwa ndi telala wina, ndipo iwo sakanatha ngakhale kuliona.

Ndiye kunamveka uthenga woti madokotala a maso ochokera kutali abwera ku Mvunguti kudzachotsa anthu ng'ala, Loweruka limodzi lokha, ukwati utatsala sabata. Pakhomo pa ba Chisala panagwa chisangalalo chosaneneka. Mayi ake a Lombe anaimba nthungululu mpaka agalu a pa yadi anathawa. Ba Chisala analengeza kuti akangotsegulidwa maso, choyamba kuyang'ana sichikhala nkhope ya mkazi wawo, poti imeneyo amaikumbukira, koma mpendero wa diresi, chifukwa matelala a masiku ano amasoka ngati akuthamangitsidwa. Kenako anauza Lombe kuti mkati mwa sabata apite ku Kanjiwa akatenge pepala la mbiri yawo, loti akaonetse madokotalawo.

Lombe masiku amenewo anali m'manja mwa alangizi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo anadandaulira bwenzi lake pa foni kuti nthawi ikumuchepera. Goliati atamva, mtima unadumpha. Uwu unali mwayi woti aoneke kwa apongozi. Paja pa mwambo wa kwa ba Chisala mkamwini salankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, sakhala nawo pafupi, ndipo akakumana panjira amapatuka. Mawu onse amadutsa mwa shibukombe, munthu woimira mwamuna pa zokambirana za ukwati. Shibukombe wa Goliati anali ba Joseph, mkulu wa mpingo wokonda kukometsa nkhani. Goliati anawatuma kuti akanene kuti Lombe asavutike, Kanjiwa ndi Mvunguti n'zolumikizana, ndipo analumikiza ndi iye mwini.

Mawu aja anakula ali m'njira. Pofika ku Chainda anali akuti mkamwini ndiye amayendetsa makompyuta a zipatala za Lusaka yense. Azakhali anayang'anizana n'kunena kuti Lombe wagwera pabwino. Ba Chisala okha ndi amene anakanda kumutu, n'kubweza ba Joseph ndi funso.

"Bakuti bayamika maningi," anatero ba Joseph atamupeza Goliati pa ofesi. "Koma bakuti, simungapiteko chabe ku kiliniki mukafunse ba nesi? Bakuti telala apima kabili asanadule."

Goliati anaseka mokoma mtima. Anatulutsa foni, n'kutsegula kaundula, n'kuonetsa ba Joseph mawu obiriwira aja pansi pa dzina la Kanjiwa. "Onani mweka. Valembeka. Mukabauze bakagone mtendele." Ba Joseph anavala magalasi, anawerenga, n'kugwedeza mutu mokhutira. Palibe mwa awiriwo amene anaima kuganiza kuti umboni umene ankauyang'anawo unali chala cha Goliati yemweyo. Pumulo, amene anamva zonse ali pa desiki pake, anangokankhira foni ya ofesi kufupi ndi mnzakeyo, koma iye anaikankhira kumbali kuti apeze malo oika makadi a ukwati.

Loweruka lija anapita ku Mvunguti ngati akupita kokatenga mkwati. Abale pamodzi ndi ba Joseph anadzaza theka la minibasi. Ba Chisala anavala jekete lawo la tchalitchi ndi chipewa, n'kukhala kutsogolo. Goliati, mwa ulemu, anadzipanikiza pa mpando wakumbuyo kwenikweni, mawondo ali pachibwano, koma nkhope ikuwala. Azakhali anayambitsa nyimbo, kondakitala n'kumavomera, ndipo mayi wina wosawadziwa anafunsa kuti wabadwa ndani. Chimene onsewo sankadziwa n'chakuti m'mawa umenewo, chifukwa cha chimwemwe, ba Chisala anali atadzipatsa mphoto ya zitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri pamene akazi awo ankasamba.

Pa chipatala panali mzere wautali wa okalamba ogwidwa padzanja. Itafika nthawi ya ba Chisala, nesi anawabaya kachala, anayang'ana kamakina, n'kukweza nsidze. Shuga anali atakwera. Dokotala wa maso, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anati zimenezo si zoopsa kwenikweni. Akaona mbiri yawo ya miyezi yapitayi, ndi zimene anapeza powayeza mtima, ndi mayina a mankhwala amene amamwa, akhoza kuwadikiritsa kuti shuga atsike n'kuwachita opaleshoni masana. Anatambasula dzanja kupempha pepala la ku kiliniki.

Apa ndi pamene Goliati anatulukira, atakonza kolala. Anazungulira patali kuti asadutse pamaso pa apongozi, n'kukaima pa windo la kalaliki wa chipatala.

"Bosi, segulani chabe kompyuta. Ba Chisala, ba ku Kanjiwa. Ni kiliniki yanu ija."

"Ni yathu, ee," anayankha kalalikiyo. "Malipilo yabo yachokela kuno, na mankhwala tibatumila. Koma kompyuta yabo na yathu sizinakambisanepo olo kamodzi. Odwala abwela na pepala kumanja."

"Awe, onani bwino. Mufoni valembeka kuti..."

"Iyo foni yativuta lelo. Muli bachinai kunionesa."

Dokotala anatembenukira kwa mayi ake a Lombe n'kufunsa ngati akudziwa mayina a mankhwala. Mayiwo anayankha molimba mtima kuti amawadziwa bwino, poti ndiwo amawasunga m'kachitini: pali toyera, pali tapinki, ndiye pali kena kakakulu kovuta kumeza. Dokotala anapukusa mutu. Anati mwa anthu odwala mtima ena amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo iye diso la munthu salidula mongoganizira. Pepala likafika iwo asananyamuke, awathandiza.

Pa benchi yapafupi panali mayi wina wa ku Kalingalinga amene anabwera ndi amayi ake akhungu, nayenso manja ali lendee. Anaona Goliati atagwira foni n'kuzindikira kuti ndi mnzake m'mavuto.

"Naimwe yakunamizani?" anafunsa. "Wamene analemba ivi vinthu, Mulungu amuone. Munthu angakhale chabe mu ofesi nolemba boza pa moyo wa bantu?"

"Zoona, mayo," anatero Goliati, mawu ali ang'ono ngati a udzudzu. "Bantu benangu..."

Ba Joseph anavula magalasi n'kuyamba kuyang'ana denga mwachidwi chachikulu.

Ulendo wa ku Chainda Goliati sadzauiwala. Minibasi inaima pa siteshoni kudikira kuti idzaze, ndipo kondakitala, mmodzi mwa aja ankawapatsa moni, anamufunsa mosangalala za ukwati. Itanyamuka inkaima pa mphambano iliyonse. Anatsika n'kuthamanga, nsapato zake zatsopano zikumudya zidendene. Atafika ku Kanjiwa anapeza magetsi atazima kuyambira m'mawa, kompyuta ili chete pansi pa nsalu yake. Nesi amene ankawadziwa bwino ba Chisala anali ku maliro. Amene analipo anamumvera chisoni, koma anati mbiri ya munthu sangaitulutse m'mutu.

"Mukanabwela mukati mwa sabata, sembe tinakusindikizilani pamene apo," anatero. "Bonse bopita ku Mvunguti bachita so. Nanga simunafunse?"

Anakhala pa khonde la kiliniki akuyang'ana babu lozima ngati munthu wodikira mvula. Anapemphera mapemphero amene sanawapempherepo chibadwire. Anaimbira Pumulo, osadziwa kuti amuthandiza chiyani, ndipo Pumulo anayesa anthu onse amene ankawadziwa, koma magetsi samva foni. Babu lija linayaka dzuwa litapendeka. Nesi anasindikiza pepala, Goliati analikwatula n'kukwera njinga yamoto, chinthu chimene ankalumbira kuti sadzakwera.

Anapeza madokotala akulongedza mabokosi m'galimoto. Dokotala wamfupi uja anawerenga pepalalo ataimirira, n'kunena kuti mbiriyo inali yabwino ndithu, ndipo akanaiona masana akanawachita opaleshoni popanda vuto. Koma zipangizo zinali zitapakidwa, ndipo ulendo wina adzabwera mvula ikadzatha. Pa geti pankatuluka okalamba atamatidwa thonje pa diso limodzi, akuseka ndi abale awo, ena akulonjeza kuti mawa akawerenga okha Baibulo. Ba Chisala anali pa benchi pomwe paja, chipewa chili pa mawondo. Mwambo sunkawalola kukalipira mkamwini, ndipo Goliati anazindikira tsiku limenelo kuti kutukwanidwa kuli bwino kusiyana ndi kukhalidwa chete. Pobwerera munalibe nyimbo m'minibasi.

Lolemba analowa mu ofesi osavina. Anafufuta zochonga zake zonse, n'kukokera foni ija kufupi. Pumulo sanamuseke, anangomuthirira tiyi. Sabata yonse ya ukwati wake, imene ankati aipumule, anaithera akudikira manesi amalize kubaya jakisoni. Anapeza zodabwitsa. Makiliniki ena analidi olumikizana ndi makolo awo. Ena ambiri anali ana a dzina lokha. Ndipo ku Kalingalinga kunali kakiliniki kopanda kholo lililonse kamene kankatumizirana mbiri ndi zipatala zingapo, chifukwa eni ake anakhala pansi n'kugwirizana. Lombe anamukwiyira kwambiri, analira, anazima foni, koma pamapeto pake anati makeke anaphikidwa kale.

Ukwati unachitika, ndipo tisanamizane, unali ukwati wokoma. Anthu a ku Chainda ndi a ku Mtendere anadzaza tchalitchi mpaka pa mawindo. Operekeza akwati analowa akuvina masitepe awo, amayi akuyala zitenje pansi, nthungululu zikung'amba denga. Kenako nyimbo inasintha, onse anaimirira, ndipo pakhomo panatulukira Lombe atagwirana mkono ndi bambo ake. Oonera patali ankati bambo akuperekeza mwana, koma oyandikira ankaona kuti mwana ndiye ankatsogolera bambo, akuwanong'oneza pamene pali sitepe.

Atafika kutsogolo, abusa anafunsa kuti akupereka mkaziyu ndani. Ba Chisala anayankha mwamphamvu kuti ndi iwo. Anagwira dzanja la mwana wawo, n'kutembenukira ku chithunzithunzi chachitali chimene chinali pafupi, n'kuliika dzanjalo mwaulemu m'manja mwa Ricky, mnzake wa Goliati womuimira kumbuyo. Ricky anauma ngati mtengo. Tchalitchi chinaphulika. Azakhali anagwera pa mabenchi, oimba kwaya anabisa nkhope m'mabuku, ndipo abusa anayesa kutsokomola koma zinakanika. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ricky, thawa naye!" Ba Chisala atauzidwa chimene chachitika, nawonso anaseka mpaka kugwira pamimba.

Phokoso lisanathe, mkuluyo anatambasula dzanja n'kufufuza mpaka anapeza mkono wa Goliati. Zala zawo zinayenda pa msoko wa jekete, mwa chizolowezi cha ntchito yawo, kenako anamukokera pafupi. Chiyambire kufunsira, aka kanali koyamba kuti amulankhule popanda ba Joseph pakati. Analankhula motsitsa, mopanda mkwiyo.

"Ba Goliati, imwe muziba vinthu. Niuzeniko. Mwana wanga aoneka bwanji?"

Goliati anayang'ana Lombe. Anali wokongola moti mtima unkapweteka. Munthu amene mawu sankamuthera anangopeza mawu atatu okha.

"Aoneka bwino, tate."

"Bwino chabe?" anafunsa mkuluyo, nkhope atailozetsa kumene ankaganiza kuti kuli mwana wawo. "Nanga mpendelo, banautunga mushe?"

Goliati anawerama kuti ayang'ane mpenderowo, koma sanauone, chifukwa maso ake anali atadzaza misozi. Anthu ankasekabe, ng'oma zinayambanso, ndipo pa zithunzi zonse za tsiku limenelo mkwati akuoneka ngati akulira ndi chimwemwe. Ndi anthu ochepa okha amene ankadziwa kuti ankalirira tsiku limene sakanatha kuwabwezera apongozi ake, ngakhale madokotala atabweranso kakhumi. Akuluakulu sananame pamene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.